Tsiku Limene Ndinakwiya M'khothi

Amene anandilakwira ndi a Nakhuwa, loya woyamba kutuluka kwathu kuno ku Chiringa, omwe pambuyo pake anadzakhala phungu wathu. Sanandimenye, sanandibere. Anangondifunsa funso m'khothi, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, munda wa amayi n'kupita.

Mundawo unali m'munsi mwa Michesi, ndipo unkachita malire ndi wa mwini chigayo wina. Tsiku lina m'mamawa, ndikupita kukathyola nandolo, ndinapeza antchito ake akuzula khonje wa m'malire n'kumamudzala mkati mwa munda wathu. Amene anaona ndinali ine ndekha. Nkhani itakanika kumudzi, inapita kuboma, ndipo mwini chigayo analemba a Nakhuwa.

Amayi anandichapira malaya a sukulu, tinayenda ulendo wonse pa njinga yobwereka. Panjira anangondiuza mawu amodzi: "Yohane, ukanene zomwe unaona. Mtima wakowo ukausiye panja."

M'khothimo munkanunkha fumbi ndi thukuta. Ndinafotokoza bwinobwino, a majisitileti akulemba. Kenaka anadzuka a Nakhuwa, suti yakuda, nsapato zowala, akumwetulira ngati malume. Ankandidziwa. Anakulira mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo ankadziwa chomwe ndinkamenyera anzanga kusukulu.

"Mwana iwe, malirewo anakusonyeza ndani? Bambo ako?"

Ndisanayankhe, anapitiriza.

"Pepa, ndaiwala. Bambo ako ndi ati kodi? Aja anathawira ku Mozambiki, kapena pali ena?"

Kumbuyo anthu anaseka. Amayi anawerama. Zotsatira zake ndimazikumbukira pang'ono chabe: kutentha m'makutu, mawu anga akutukwana m'Chilomwe, wapolisi atandigwira mkono. A Nakhuwa anangotambasula manja. "Bwana, mboni yake ndi imeneyi."

Mlandu tinaluza. Pobwerera amayi sanandikalipire, ndipo bola akanandimenya. Chaka chimenecho tinayamba ganyu m'minda ya eni, ine sukulu n'kuisiyira sitandade sikisi. A Nakhuwa anapita ku Nyumba ya Malamulo. Tinkawamva pa wailesi akulankhulira amayi amasiye ndi anthu osauka, ndipo kunena zoona ankalankhula bwino. Mlatho wa kwathu anamangitsa ndi iwo. Ndimawolokapo tsiku lililonse ndi kabaza wanga, moti ngakhale kudana nawo kumanditopetsa.

Mtima wapachala sunandichoke. Ndamenyapo anthu pa siteji chifukwa cha kasitomala. Koma ndinaphunzira mochedwa kuti munthu wokwiya msanga ali ngati mbuzi ya chingwe m'khosi: wodziwa pogwira amapita nayo kumene akufuna.

Nthawi ya kampeni yapitayi a Nakhuwa anabwera pa siteji pathu, imvi zili mbuu, mpando ukuwaterereka. Anzanga anandiloza kuti wolimba mtima ndi uyu. A Nakhuwa anandiitanira pa galimoto, osandizindikira n'komwe.

"Achimwene, ndamva kuti inu simuopa munthu. Loweruka mnzanga ndikupikisana naye uja ali ndi msonkhano ku Jenala. Ndikufuna anyamata oti akasokoneze pang'ono."

M'makutu munayamba kutentha. Ndinagwiritsa chiwongolero cha njinga mpaka zala kuchita dzanzi, ndinadikira kuti mpweya ubwerere. Kenaka ndinayankha motsitsa mawu, mwaulemu wonse.

"Bwana, ine ndine Yohane, mwana wa mayi aja munawalanditsa munda ku Michesi. Mkwiyo wanga munaugwiritsa kale ntchito kamodzi, ndipo unakupindulirani. Wotsalawu ndi wanga. Pitani bwino."