Mkodzo Unandilanda Chikhakhali

Zinayamba m'nyengo yozizira chaka chatha. Ndimagulitsa kaunjika kwa Biwi, ndipo chida changa pamalonda chakhala kuseka. Kasitomala akatchula mtengo wachipongwe sindikangana naye, ndimangoseka chikhakhali mpaka yekha achite manyazi n'kuwonjezera. Tsiku lina bambo wina ananenerera jekete ngati akugula tomato wovunda. Ndinaseka, kenaka ndinamva kufunda kukutsika m'mwendo. Jeketeyo ndinawapatsa pamtengo wawo womwewo kuti angochoka.

Kuyambira pamenepo mkodzo unkadontha ndikatsokomola, ndikayetsemula, ndikanyamula belo. Ndinkang'amba malaya osagulika n'kumavala ngati thewera, ine amene ndinachapa matewera a ana ndi a zidzukulu omwe. Ndiye ndinagwiritsa nzeru za kumsika: katundu akamawonongeka, umachepetsa kuoda. Ndinasiya kumwa madzi. Mkodzo unasanduka wofiirira, wowotcha, wonunkha, koma kudontha osaleka.

Kuseka ndinasiyiratu. Makasitomala anazindikira msanga kuti mayi uja wafewa, malonda analowa pansi. Koma chimene chimandiwawabe n'cha Nachisale, mnzanga woyandikana naye benchi, amene tinkadyera limodzi chinangwa m'mbale imodzi. Anasuntha katundu wake, n'kumaitana ogula mokweza kuti, "Bwerani kuno, kwanga kuno n'kosanunkha!"

Ndinapita kuchipatala mvula itayamba, thupi litatentha, msana ukuwawa. Ndinalawirira, koma ndinapeza mzere utakhota kale. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, kufupi ndi chimbudzi. Anandiyeza mkodzo, zotsatira ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka.

Namwino wake anali wamsinkhu wa mwana wanga womaliza. Anati, "Amayi, chikhodzodzo chili ngati thumba, ndipo pali minofu imene imachigwira n'kutseka njira ya mkodzo. Kubereka, kunyamula zolemera ndi kusiya msambo zimaifooketsa. Mukaseka mimba imakankha thumbalo, minofu n'kulephera kutseka. Koma kutentha thupiku kwabwera chifukwa chosamwa madzi, tizilombo tapeza pokhala."

Ndinayesa kunenerera kuti andibaye jakisoni mmodzi zithe. Anati, "Muno sitinenerera, amayi." Anandipatsa mapiritsi opha tizilomboto, n'kundiphunzitsa kufinya minofu ija ngati ndikuletsa mkodzo, kugwira pang'ono, kumasula, kangapo patsiku. Madzi ndizimwa, tiyi ndichepetse, belo azinyamula ena.

Kutentha thupi kunatha msanga. Minofu ndiyo inatenga miyezi, ndipo kangapo ndinafuna kuleka. Ndinkafinya nditakhala pamalonda pomwepo, nkhope ili gwa, makasitomala n'kumayesa ndakwiya ndi mtengo wawo. Ena ankawonjezera okha.

Lero ndimasekanso, ngakhale ndimayamba ndafinya kaye. Chifuwa chikandigwira kadontho sikalephera, koma matewera a malaya aja ndinawatentha. Amayi anzanga, ngakhalenso inu abambo, musanene kuti ndi ukalamba basi. Pitani kuchipatala kadakali kadontho, fungo lisanayambe kukulankhulirani, ndipo madzi musasiye. Anthu amaiwala msanga kuti munadyera nawo m'mbale imodzi.

Mwezi watha Nachisale anandikokera kuseri kwa mabelo n'kundinong'oneza kuti nayenso akatsokomola zikumuchitikira. Ndinamuuza khomo lolowera kuchipatala, nthawi yofikira, ndi kuti asasiye madzi. Atayamba kukokera katundu wake kufupi ndi ine, ndinamugwira dzanja.

"Ayi asisi, khalani komweko. Kwanga kuno n'kosanunkha."