Chaka Chimene Ababa Anasiya Kuyankhula

Ababa anagwira ntchito pa esiteti ya tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka mutu wonse utachita mbuu. Anayamba ndi kuthyola, kenako anawakweza kukhala kapitawo. Atapuma pantchito anatuluka m'nyumba ya kampani n'kubwerera kumudzi kwathu, kuseri kwa minda ya tiyi, m'njira yopita ku Masambanjati. Chaka chisanathe, Amayi anamwalira. Azichimwene anga onse ali ku Limbe, choncho woyang'anira Ababa ndinali ine, mwana wawo wamkazi, amene ndimathyola tiyi pa esiteti yomweyo.

Poyamba ndinkati n'chisoni cha maliro, chitha. Koma mvula inabwera n'kupita, Ababa ali chikhalire pakhonde. Kutchalitchi anasiya. Kusamba mpaka kuwakakamiza. Nthochi zawo zinalowa thengo. Chakudya ndikasiya m'mawa ndinkachipeza chili chivundikirire. Ndikawafunsa kanthu ankayankha liwu limodzi, nalonso la Chilomwe, chinenero chimene ankayankhula ndi Amayi okha.

Tsiku lina nditaweruka ndinawapeza atafungatira botolo la mankhwala opopera matimati. Linali losatsegula. Ankangolitembenuza m'manja.

"Ababa, mukutani ndi botolo limenelo?"

"Ndikungoliona."

"Chaka chino simunadzale matimati."

"Ndikudziwa, mwanangu."

Ndinawalanda botololo modekha. Ndinakalitaya m'chimbudzi. Tsiku lomwelo ndinachotsa chingwe cha mbuzi ndi choyanikira zovala n'kukazibisa kwanga. Sindinauze munthu.

Kuchokera pamenepo ntchito inandikanika. Ndili pakati pa tiyi, dengu kumsana, maso ankangokhala kunjira yochokera kumudzi. Munthu akatulukira akuthamanga, kapena wina akaitana dzina langa, ndinkasiya kuthyola poganiza kuti ndi uthenga wa Ababa. Anzanga ankadzaza madengu kawiri ine ndisanafikitse limodzi kusikelo.

Panabweranso mantha ena. Mwana wa pakhomo loyandikana ndi la Ababa anadwala malungo osamva mankhwala, ndipo kumjigo mayi wina anayankhula mokweza kuti ndimve: "Munthu wogona masana onse, usiku amakhala ali kuti?" Palibe anaseka. Ndikudziwa zimene zimachitikira nkhalamba ikangotchulidwa kuti ndi mfiti. Ndinasenza chidebe chosadzaza n'kuchoka.

Loweruka ndinawanamiza Ababa kuti tipite kuchipatala ku Boma akawaone mawondo. Lolemba tinapitadi. Titalowa, ndinamunong'oneza namwino za botolo lija, ndipo anatitengera m'kachipinda kena kwa mayi wina wachikulire amene ntchito yake ndi kucheza ndi anthu ovutika maganizo.

Mayiwo anawafunsa za tulo, za chakudya, za zimene ankakonda kale. Kenako anafunsa mosapsatira: "Bambo, munayamba mwaganizapo zodzichotsera moyo?"

Ndinkaona ngati kutchula chinthucho ndiko kuchiitana.

"Tsiku lililonse," anatero Ababa. "Kunja kukacha sindidziwa kuti ndidzukirenji."

Ndinalira pomwepo. "Ndiye kuti apenga? Muwatumiza kuchipatala cha amisala ku Zomba?"

"Ayi, mayi, sanapenge," anandiyankha. "Awa ndi matenda a nkhawa. Amagwira achikulire ambiri, makamaka ntchito ikatha, mnzawo n'kumwaliranso. Anthu amangoti ndi ukalamba. Amachizika, ndipo nthawi zina mankhwala ake ndi kucheza ndi kuchitako kanthu. Zikakanika tidzawapatsa mapilitsi."

Anapangana ndi Ababa zinthu ziwiri. Azibwera kudzacheza nawo pakatha milungu iwiri iliyonse. Ndipo tsiku lililonse azisankha kantchito kamodzi kakang'ono n'kukachita, mtima ufune usafune. "Musadikire kuti mphamvu zibwere kaye," anatero mayiwo. "Zimabwera m'mbuyo." Ine anandiuza kuti ndisamawasiye okha tsiku lonse, komanso ndiuze abale. Azakhali, mlongo wawo wa Ababa, anabwera kuchokera ku Nsabwe kudzakhala nafe, ndipo ndi iwo amene anakayankhula ndi makolo a mwana wodwala uja. Manong'onong'o anazirala mwanayo atachira.

Kunena zoona, njira ya mayi ajayi sindinaikhulupirire. Mlungu woyamba Ababa anasesa theka la bwalo n'kusiya tsache pomwepo. Wachiwiri analambula phata limodzi la nthochi. Wachitatu anagona masiku anayi osadzuka, ndipo ndinati basi tabwerera pomwe paja.

Mwezi wachiwiri uli mkati, ndinafika masana n'kupeza khonde lili mbee. Azakhali anali atapita kuchigayo. M'nyumba munalibe munthu. Ndinathamangira kunthochi ndikuyang'ana m'mwamba mwa mitengo. Ndinazungulira mabulugamu onse a kumalire kwa esiteti. Kenako ndinatsikira kumtsinje, ndikugwa n'kudzuka.

Ababa ndinawapeza atakhala pamwala, buluku atapinda, akuchapa malaya awo oyera a kutchalitchi.

"Ukuthamangiranji ngati wakumana ndi njoka?" anandifunsa m'Chichewa.

Ndinangokhala pansi m'matope. Anandiyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti anadziwa chimene ndinkafunafuna m'mitengo muja.

"Pepa, mwanangu," anatero. "Kantchito ka lero n'kameneka. Ndikanakuuza."

Sindinganene kuti anachiriratu. Pamakhala milungu ina imene amabwerera pakhonde, ndipo ineyo tulo ndi chakudya zimandithawa. Koma tsopano amanena okha kuti, "Zija zayambanso," ndipo timadziwa kolowera. Mwezi wathawu anaumirira kupita okha ku Boma. Ndinapempha kuweruka msanga n'kukaima pasiteji kuyambira dzuwa lili paliwombo, ndikusuzumira minibasi iliyonse. Anatsika m'yachisanu, atanyamula mpini watsopano wa khasu ndi kabichi mmodzi, akudandaula kuti kondakitala anawapanikiza mwendo.