Tsiku Limene Ndinati Takhuta

Aphunzitsi athu a Chichewa anandiuza mosabisa kuti mwayi wanga unali wochepa. Ndinali nditapempha malo ku yunivesite ina kumtunda kuti ndikaphunzire zisudzo, ndipo anandiitana kuti ndikayesedwe pamaso pa akuluakulu. Malo anali owerengeka, ofuna anali ambirimbiri, ochuluka ochokera m'sukulu za m'tauni zokhala ndi holo ndi magetsi. Ife kwa Mbenje masewero tinkachitira pansi pa mtengo wa nimu, mbuzi zikudutsa pakati pathu.

"Koma chachikulu ndi lilime lakolo," anatero aphunzitsi. "Ukakangotulutsa Chisena, basi watha. Kumeneko amaseka."

Ndinawamvera, ndipo mpaka lero zimandinyansa kuti ndinawamvera. Milungu itatu ndinakakamira pa wailesi, kutsanzira owerenga nkhani. Mayi anga akandifunsa kanthu m'Chisena ndinkawayankha Chichewa chouma gwa, mpaka anasiya kundiyankhula za zii.

Tsiku la mayeso tonse ofuna malo tinakhala m'holo imodzi. Kutsogolo kunali tebulo la oyesa atatu, abambo awiri ndi mayi wina wa magalasi. Aliyense ankapatsidwa pepala kuti awerenge ngati ali m'sewero. Nthawi yanga itakwana ndinawerenga osaphonya liwu, koma ndinkadzimvera ndekha kuti mulibe moyo. Kenaka ndinayamba kutsokomola. Mmodzi wa abambo aja, wadazi, anandipatsira botolo la madzi. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kupinda bondo, pakamwa n'kungotuluka zakwathu.

"Takhuta."

Kwathu mawu amenewa ndiye zikomo. Mwana amaphunzira amenewa asanadziwe n'kuwerenga komwe.

"Mwakhuta musanamwe?" anafunsa bambo wadazi uja. Holo yonse inafa nako kuseka. Wina kumbuyo anati, "Asenatu awa." Mayi wa magalasi analemba kanthu papepala, n'kunena kuti, "Chabwino, mutha kukakhala pansi."

Manyazi anandigwira, sindikana, koma mkwiyo unaposa. Ndakwera mapiri onse aja, ndazunza mayi anga milungu itatu, kuti ndidzasekedwe chifukwa chothokoza?

"Nkhabe," ndinatero, ndiko kuti ayi. "Sindinayambe ine."

Ndinaika pepala lawo pansi, ndinavula nsapato, n'kumanga nsalu m'chiuno. Ndinawasewerera oyesawo zimene anachita mayi anga tsiku limene mtsinje wa Shire unalowa m'mudzi mwathu. Madzi ali m'mawondo, mwini bwato akukalipa kuti akwere msanga koma katundu ayi, iwo akukana kusiya thumba la mbewu ya mapira limene anasenza. Ndinkakhala mayi, kenaka ndinkalumphira uku n'kukhala wabwato, kutukwanizana m'Chisena ndi Chimang'anja momwe zinkabwerera, osamasulira aliyense. Ndinafika pamene wabwato anatopa n'kuyamba kupalasa, kuwasiya mayi ali chiimire, thumba pamutu, madzi afika m'chiuno. Ndinalekera pomwepo, n'kuyamba kuvala nsapato.

Bambo wadazi uja ndiye anayamba kuyankhula.

"Theka la mawu anu sindinamve. Koma tandiuzani, mayiyo anaoloka?"

"Ndipatseni malo, mudzamva."

Mayi wa magalasi anati ndine wamwano. Ndinati ndi zoona. Ndinatuluka osacheuka.

Njira yonse yotsikira ku Chikwawa ndinkadzitukwana kuti ndadzitayitsa ndekha. Aphunzitsi atamva anangopukusa mutu, nati ndiyambe kuganiza za uphunzitsi. Ndinawayankha kuti akuyunivesite akandikana ndidzapitanso chaka chamawa, Chisena changa chomwecho, mpaka atope nane. Mayi sindinawauze kanthu, ndinkaopa kuti akwiya pomva kuti ndinawavumbula pagulu la alendo.

Mayina atatuluka, langa linalipo, kumapeto kwenikweni. Pamenepo ndi pamene ndinalimba mtima. Ndinawapeza mayi akupeta pakhonde, ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse m'Chisena, za madzi akumwa, za kuseka, ndi pamene ndinalekera sewero. Sanaseke, sanakwiye, sanasiyenso kupeta.

"Ndiye anthu amenewo akundidziwa ndili chiimire m'madzi?"

"Inde, mayi."

"Ukapita ukawauze bwino," anatero. "Ine sindinamuitane wabwato uja. Anachita kubwerera yekha, ndipo thumba linakwera."