Mchombo Unatsala ku Phnom Penh

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, m'mwezi wa Epulo, dzuwa litayamba kale kuwotcha malata. Ndinali ndikumuluka tsitsi mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi. Mbali imodzi ndinali nditamaliza, inayo ndisanayambe. Pakhomo panali apolisi atatu oona za alendo, amuna awiri ndi mkazi mmodzi. Anafuna pasipoti. Ndinati ili kwa ejenti. Wamkulu wawo anati, "Tenga zovala za mwana, zisachuluke." Mwanayo anakwera galimoto ndi tsitsi loluka theka, ndipo linakhala choncho masiku makumi awiri ndi atatu.

Ku Cambodia ndinapita ndili mtsikana, kutsatira amuna anga. Iwo anaphunzira unamwino ku Malawi koma ntchito inasowa, ndiye anakapeza yophunzitsa Chingelezi ku Phnom Penh. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Chikhmer, chinenero cha kumeneko, ndinachitolera pamsika ndi kwa mayi wachikulire woyandikana nafe, wogulitsa khofi. Aliyense ankawaitana kuti Mae. M'chinenero chawo ndiye kuti mayi, ndipo tsiku loyamba kumva mawuwo ndinatembenuka, kuyesa kuti pali munthu wakwathu.

Tinazolowera, mpaka tinafuna kukhala nzika. Amuna anga anandifotokozera zimene lamulo limafuna: ukhale m'dzikomo zaka zisanu ndi ziwiri osadukiza, ukhale wopanda mlandu, uzilankhula Chikhmer, udziwe zilembo zake ndi mbiri ya dziko. Wokwatirana ndi mwini dziko amadikira zaka zitatu zokha, ndipo olemera ali ndi khomo lawolawo. Pomaliza imavomereza ndi mfumu ya dzikolo. Zilembozo zinkandivuta, koma ndinkazijambula m'kope tsiku ndi tsiku.

Chaka chachisanu ndi chiwiri chitafika, ejenti amene ankatikonzera maviza anati nthawi yakwana. Anatenga mapasipoti onse atatu ndi chikalata cha kubadwa kwa mwana. Pasanapite nthawi amuna anga anaitanidwa ntchito ya unamwino kuno ku Birmingham, ku England. Ejentiyo anabweza yawo yokha, nati athu ali m'kati. Tinapangana kuti atsogole, ife titsatire. Kenako foni ya ejenti inasiya kugwira. Viza yanga inatha ine osadziwa.

Anandifunsa Lachitatu, m'kachipinda kokhala ndi fani yakufa. Wofunsayo anali bambo woonda, wa magalasi. Nditamuyankha m'Chikhmer anakweza mutu.

"Ukulankhula ngati wogulitsa nsomba," anatero.

Ndinati ndakhala kuno zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mapepala a unzika ali m'kati.

"Zaka zimawerengedwa kuchokera tsiku limene unalandira khadi la wokhala m'dziko. Khadi lako lili kuti?"

Khadi lotero ndinali ndisanalionepo.

"Ndiye kuti sunayambe n'komwe kuwerenga."

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Ine pamaso pa akuluakulu sindilankhulalankhula, koma tsikulo mantha ananditsegula pakamwa. Ndinati, "Koma mwanayu ndi wakuno. Ndi mwana wa Chikhmer."

Kwathu ku Ntchisi, mchombo wa khanda ukagwa amaukwirira pakhomo, ndipo pamenepo ndiye kwawo kwa munthuyo. Wa mwana wanga ndinaukwirira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, a Mae atandibwereka khasu. Ndi zokhazo zimene ndinkatanthauza. Ndinkayesa kuti akamva kuti mwana ndi wakomweko atisiya tonse. Bamboyo analemba, n'kunditembenuzira pepala. Zilembo ndinkazidziwa chimodzichimodzi, koma kuti ndizilumikize panafunika nthawi, ndipo ndinachita manyazi kumudikiritsa. Ndinadinda chala.

Anatiika m'chipinda cha akazi a mayiko osiyanasiyana. Windo linali limodzi, tinkasinthana kuima pamenepo. Mpunga unkabwera kawiri. Pa tsiku lachisanu wapolisi wamkazi uja anandiitanira pachitseko.

"Iwe ubwezedwa kwanu. Mwana wa Chikhmer sabwezedwa. Atsala mpaka bambo ake apezeke."

"Bambo ake ali ku England. Ndi Mmalawi ngati ine."

"Pepala likunena kuti bambo ake ndi Mkhmer, ndipo chala ndi chako."

"Tamuonani mwanayo, bwana. Tamuonani khungu."

"Pepala lilibe maso," anatero, n'kutseka.

Kuyambira tsikulo ndinkamangirira chitenje mbali ina m'chiuno mwanga, ina padzanja la mwana. Akazi enawo ankandiseka. Tsitsi lake sindinalikhudze, chipeso anali atandilanda pachipata.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi kunabwera mayi wochokera kunyumba yosungira ana. Anali waulemu. Anafunsa zimene mwana amadya, ngati amakodza pogona, ngati ali ndi nyimbo imene amaikonda. Ndinayankha mafunso onse.

Pa tsiku la khumi ndi chimodzi anandilola foni mphindi zochepa. Amuna anga anayankha ali pa shifiti.

"Amake mwana, munawauza chiyani kwenikweni?"

"Ndinanena za mchombo."

Anabwereza, "Mchombo?"

"Eya."

"Chabwino. Musalire, nthawi ikutha. Chikalata cha kubadwa kwa mwana chija ndinachijambula pafoni. Nditumiza kwa a Mae."

Apolisi anati chithunzi si chikalata. Ndiye a Mae anatseka ngolo yawo ya khofi masiku atatu, kuyenda kuchipatala kumene ndinachirira ndi kuofesi ya dera lathu, kufuna chikalata china chodindidwa. Anafika nacho pa tsiku la khumi ndi zisanu ndi chimodzi, atanyamulanso mpunga wokulunga m'masamba a nthochi. Anatiitanira kwa bambo wa magalasi uja. A Mae sanadikire kupatsidwa mpando.

"Bambo a mwanayu ndimawadziwa. Amwa khofi wanga zaka zonsezi, ndipo ndi akuda kuposa khofiyo. Iwe mwana wanga, unawauza chiyani anthuwa?"

Ndinafotokoza, maso ali pansi. A Mae anaomba m'manja.

"Kachingwe ka pamimba kaja? Khasu linali langa! Bwana, ngati mukufuna nzika, kafukuleni pansi pa mango, mukaipatse khadi."

Bamboyo sanaseke. Anawerenga chikalatacho kawiri, n'kuvula magalasi. Anandiuza pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana, kuti kubadwira m'dzikomo pakokha sikupereka unzika. Mwana amakhala nzika ngati bambo kapena mayi ake ndi Mkhmer, kapena ngati makolo onse awiri, ngakhale ndi alendo, nawonso anabadwira momwemo ndipo akukhalamo mwalamulo.

"Mwanayu ndi mlendo ngati iwe. Mupita limodzi."

Ndinagwada pasimenti monga timachitira kwathu, n'kuthokoza. Ndinathokoza kangapo.

"Dzuka," anatero. "Aka n'koyamba munthu kundithokoza ndikumuthamangitsa."

Dziko lathu lilibe ofesi kumeneko, choncho mapepala oyendera anachokera dziko lina. Tinadikira sabata inanso, koma ndinayamba kudya, ndipo chitenje chija ndinachimasula. Pa tsiku la makumi awiri ndi atatu anatiperekeza kubwalo la ndege. Wapolisi wamkazi uja anatulutsa chipeso changa m'thumba mwake. "Mmalize mwanayo, asakafike kwanu choncho." Ndinamumalizira pabenchi, apolisi atakhala uku ndi uku.

Ku Lilongwe tinakhala miyezi yambiri kwa achemwali anga, kudikira mapepala atsopano. Lero tili ku Small Heath, dera la mu Birmingham, m'chipinda cham'mwamba, basi ya kutauni imadutsa pansi pa windo lathu. Kunonso zaka zimawerengedwa. Koma tsopano tsiku loyambira kuwerenga ndimalidziwa, ndipo makalata onse ali m'chitini cha mabisiketi chimene sindipatsa munthu. Lachiwiri lililonse ndimapita kukalasi ya Chingelezi. Pepala lililonse ndimaliwerenga mpaka pansi, wodikira adikire.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkafuna kumva kuti sindinenso mlendo. Sindinkadziwa kuti mawu amene adzandipatse tulo ndi akuti mwana wanga ndi mlendo. Ufulu umene ndimaudziwa ine ndi waung'ono: chitseko chimene ndimatsegula ndekha, ndi mwana amene amapita kusukulu n'kubwerera kwa ine.

Kutchalitchi amayi akamufunsa kuti, "Kwanu n'kuti, iwe?" amayankha m'Chingelezi kuti kwawo ndi ku Small Heath, iwo n'kumaseka. Ine sindimukonza. A Mae amatitumizira chithunzi mango aja akabereka. Mchombo ukhale komweko. Mwini wake ndili naye, ndipo Loweruka lililonse ndimamuluka tsitsi, mbali zonse ziwiri.