Makolo Obwereka a Toktosun

Taganizani m'mawa wozizira ku At-Bashy. Ana sanafike, koma utsi wayamba kale kufuka padenga la sukulu yathu. Amene wakoleza mbaula za m'makalasi ndi Toktosun, bambo wofatsa wa zala zakuda ndi malasha.

Kwathu kuno mwana aliyense amaloweza mayina a makolo ake aamuna asanu ndi awiri, kuyambira bambo ake kubwerera m'mbuyo. Wosawadziwa amasekedwa, ndipo anthu amene mayina awo akumana sakwatirana. Toktosun anakulira kunyumba ya ana amasiye, sankadziwa ngakhale dzina limodzi. Ali ku usilikali anamva mnzake Mamyt akutchula ake, iye n'kuwaloweza. Kuyambira pamenepo ankawatchula ngati ake, mpaka anaphunzitsa mwana wake Nurgul. Mtsikanayo anali m'kalasi imene ndinkaphunzitsa. Ankawalakatula monyadira, bambo ake ali pambaula, atazolika.

Nurgul atakula, akuchimuna anabwera kudzafunsira mbeta, ndipo ine ndinaitanidwa monga mnansi. Tikumwa tiyi, a Kadyrbek, bambo aakulu a mnyamatayo, anapempha mayina aja. Toktosun anayamba kutchula. Atafika pa lachinayi, mkuluyo anatula kapu.

"Mwati Sarybai mwana wa Esengul? Amenewo ndi makolo athu. Ndiye kuti tabwera kudzafunsira mlongo wathu. Ana awa sangakwatirane."

Nurgul anaima chilili, ketulo ili m'manja. Toktosun anayang'ana zala zake.

"Mayinawo si anga," anatero motsitsa mawu. "Ndinabwereka kwa Mamyt ku usilikali. Bambo anga sindiwadziwa."



"Mamyt mng'ono wanga?" anafunsa a Kadyrbek. "Mlesi ameneyo ngakhale fosholo sabwereketsa, koma makolo anabwereketsa?"

Ena anaseka. Toktosun sanaseke.

"Ababa, nanga ine ndiziti ndine wa yani?" anafunsa Nurgul.

"Uziti ndiwe wa Toktosun, mwanawe. Pokhapo sindinaname."

A Kadyrbek anatolanso kapu yawo. "Thira tiyi, mpongozi. Wazizira uyu."

Nkhaniyo inawanda m'mudzi. Nyengo yonse yozizira Toktosun ankakoleza mbaula n'kuchoka aphunzitsi tisanafike, ndipo pamsewu ankatilambalala. Ine ndinkangomusiyira buledi pafupi ndi malasha, osamufunsa kanthu.

Ukwatiwo unachitika nthawi yokolola. Ana a Nurgul alipo atatu, ndipo onse amaphunzira pasukulu yathu.