Bambo a Pemphani ndi Tiwale

Pa lendi pathu ku Biwi pali bambo ena osoka nsapato, a Gilford, amene mukawaitana kuti bambo a Pemphani sayankha. Amangopitiriza kusoka ngati sanamve, mpaka mutanena kuti bambo a Pemphani ndi Tiwale. Ana awo ndi mapasa, mnyamata ndi mtsikana. Atangobadwa, akuluakulu a kwawo ku Dowa anawalangiza kuti mapasa sasiyanitsa: chimene wachitira mmodzi uchitirenso mnzake, apo ayi winayo amakwiya n'kudwala, mwinanso kubwerera kumene anachokera. Mwambowu ambirife timaudziwa, koma timausunga mwa apo ndi apo. A Gilford anaugwira ndi manja awiri.

Nthochi imodzi amaidula pakati n'kuyerekeza zidutswazo asanapereke. Pemphani ataba shuga, Tiwale anadzutsidwa kutulo kuti akalipiridwe limodzi. Akazi awo, a Lonely, anatopa nazo kalekale, amangotiuza kuti anakwatiwa ndi sikelo. Ife timaseka, komabe pamalo pano palibe bambo wina amene amasambitsa ana n'kuwadzoza mafuta ngati iwowa.

Dzinja lapitali, a Lonely ali kumaliro ku Mitundu, ana onse anadwala. Pemphani thupi linatentha kwambiri, Tiwale anatsegula m'mimba. Nkhani itafika pampopi, amayi tonse tinasanduka madokotala. Mayi Mwanamisi anati kutsegula m'mimba sikulimbana ndi masamba a gwafa owiritsa. Mnzawo anawatsutsa, anati gwafa n'ngwachikale, makapisozi a kugolosale amaumitsa m'mimba tsiku lomwelo. Wina anati mapiritsi onse ndi masewera, mankhwala enieni ndi jakisoni, chifukwa amapweteka. Ine ndinangoti anawo apite kuchipatala akawayeze. A Gilford ananyamuka, wina kumsana pachitenje, wina m'manja, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati pa njira anawasinthanitsa.

Kuchipatala anawabaya pachala onse awiri. Pemphani anamupeza ndi malungo, anamupatsa LA. Tiwale malungo analibe, anamupatsa Thanzi wosungunula m'madzi ndi timapiritsi ta zinki. A Gilford anabwera nkhope ili gwa, n'kuyala mankhwalawo pakhonde kuti ndione.

"Mwakuona kukondera kwake, mayi? Mnzake mapiritsi enieni, mwana wangayu madzi a mchere."

Ndinawauza kuti matendawo ndi osiyana, kuti wotsegula m'mimba chimene chimamupha ndi kutha madzi m'thupi, pamene malungo amafuna mankhwala ake mpaka atathe onse. Anagwedeza mutu mwaulemu. Ine ndinkati amva, osadziwa kuti akungodikira ndichoke.

Zimene ankachita m'nyumbamo tinazidziwa pambuyo pake. Piritsi lililonse la LA ankalidula pakati ndi mpeni wodulira zikopa, mwaluso ndithu, theka Pemphani, theka Tiwale. Zinki chimodzimodzi. Thanzi ankathira m'makapu awiri, n'kuwerama kuti aone ngati walingana. Tiwale anachira pang'onopang'ono. Pemphani naye thupi linazizirirapo, anayambanso kusewera pamatope, ndipo bambo ake ankayenda monyadira ngati munthu amene wakonza zimene achipatala analakwitsa.

Mapiritsi atatha, malungo anabwerera. Masana ena ndikuchapa ndinamva kukuwa kwa munthu wamkulu. A Gilford anatuluka atanyamula Pemphani, mwana akuphupha, maso atatembenuka. Sindinaonepo mantha otere pankhope ya munthu. Ndinaimitsa kabaza wa njinga yamoto. A Gilford atakweza kale mwendo, anatembenukanso n'kutambasula dzanja kuti atenge Tiwale. Ndinamukumbatira mwanayo, ndinawauza kuti athamange ndi wodwalayo, uyu ndi wanga lero.

Pemphani anagonekedwa, anamubaya majakisoni. Mawa lake ndinapita ndi phala, ndinapeza a Lonely afika kuchokera kumaliro. Amuna awo anali atafotokozera namwino zonse, osabisa kanthu, mpaka za mpeni. Namwinoyo akuti sanakalipe, anangowauza kuti theka la mankhwala limangogoneka malungo, kenako amadzuka ndi ukali. Kukalipa anasiyira a Lonely, ndipo iwo anaigwira bwino ntchitoyo panja, pansi pa mtengo, mpaka amayi ogulitsa chimanga chowotcha anayamba kuwapepesera bambowo.

Mwana anatulutsidwa ndi mapiritsi ena oti amalize kunyumba. A Lonely anakana kupereka okha. Anati amene anadula ndiye apereke, iwo aima pambali aone.

Madzulowo ndinali pakhonde langa. Ana anakhala pamphasa moyandikana monga anazolowera, Pemphani atawonda, khosi lili tololo. A Gilford anasungunula piritsi lathunthu pasipuni. Ana onse awiri anayasamula kukamwa. Sipuniyo inaima m'malere, ndipo ndinaona kuti bambowa akuopa zenizeni, kuti populumutsa mmodzi ataya mnzake. Sindinathenso kuseka, anandimvetsa chisoni. Anagwada pamaso pa Tiwale ngati akulankhula ndi munthu wamkulu.

"Mayi anga, musakwiye, musandichokere. Awa ndi a mlongo wanu yekha."

Anamwetsa Pemphani sipuni yonse. Tiwale anayang'ana sipuni yopanda kanthuyo, anayang'ana bambo ake, kenako analira mokweza kuti lendi yonse imve kuti amumana. A Gilford anamunyamula n'kumuika pachifuwa, misozi ikutsika nawonso, ndipo sanamupatse chilichonse.