Timasikuluwu ta Mfuti ya Bambo Banda

Bambo Banda ndinawalakwira ndi timasikuluwu tiwiri tokha. Tinkalondera limodzi nyumba yosungiramo katundu ku Graniteside, ndipo pa alonda onse, iwo okha ndi amene ankandiyankhula Chichewa, enawo ankangoyankhula Chishona.

Kampani itatigulira mfuti zam'manja zokhala ndi kagalasi kolunjikitsira ka kadontho kofiira, iwo anatchera yawo kuti izilasa ndendende pa mamita khumi ndi asanu. "Wakuba wa muno sangaime patali kuposa pamenepo," anandiuza. "Tsegula maso onse, uziyang'ana chandamale. Kadonthoko kabwera kokha."

Tsiku loyeserera, mfuti yanga itavuta, anandibwereka yawo n'kupita kukamwa tiyi. Zipolopolo zanga zonse zinkagwera m'munsi chakumanzere. Vuto linali chala changa chokoka mwaphuma, koma ine katswiri wa kwathu ku Mabvuku ndinati yolakwa ndi mfuti. Ndinapotokola timasikuluwu ta kagalasi kaja mpaka ndinayamba kulasa pakati, kenako n'kuwabwezera mfutiyo osanena kanthu.

M'mawa mwake kunali mayeso. Zipolopolo zawo zinapita m'mwamba chakumanja. Anavula magalasi awo a m'maso n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Maso atha, mwana wanga."

"Ndi ukalamba, bambo," ndinayankha, mawu osanjenjemera n'komwe.

Mwezi usanathe anapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Dedza. Masiku ano pa geti timangoyankhula Chishona. Nthawi ya tiyi ndimatembenukabe, nkhani ili kukamwa, n'kupeza kuti pampando wawo pakhala wina.

Nambala yawo ndili nayo. Ndikawaimbira, amandifunsa ngati ndikulasabe bwino monga anandiphunzitsira, ndipo ine ndimati eya, bambo.